Pisito sigulidwa ndi masamu owola

Pali tebulo la manambala lomwe likuzungulira pa WhatsApp, ndipo ena mwa inu amene ndinakuphunzitsani, makamaka amene muli ku Joni, mukulitumiza ngati uthenga wachipulumutso. Likuti pisito ya mtundu wakutiwakuti imagwetsa mbava ndi chipolopolo chimodzi maulendo oposa 90 pa 100 alionse. Aphunzitsi anzanga ena a ku Ntaja ndi ku Ulongwe nawonso ayamba kulota zokatenga laisensi. Ine ndikuti masamu amenewa ndi owola, ndipo mwana wa Fomu 3 angathe kuwagwira bodza.

Matebulo oterewa anatchuka ndi buku la Evan Marshall ndi Edwin Sanow la mu 1992, lotchedwa Handgun Stopping Power. Iwo ankawerenga anthu okhawo amene analasidwa kamodzi pathunthu la thupi. Amene analasidwa kawiri kapena katatu sankalowa m'chiwerengero. Tsono taganizani: n'chifukwa chiyani munthu amawombera kachiwiri? Nthawi zambiri n'chifukwa choti chipolopolo choyamba sichinagwire ntchito! Ndiye kuti maulendo ambiri amene mfuti inalephera anatayidwa kunja masamu asanayambe. Zili ngati mphunzitsi wamkulu achotse pamndandanda ana onse olephera MSCE, kenako n'kukaima pa asembule kuti sukulu yathu yakhoza bwino chaka chino. Tonse tingamuseke.

Palinso nambala ina imene okonda mfuti sailekerera: yakuti ku America anthu amadziteteza ndi mfuti maulendo 2.5 miliyoni pachaka. Inachokera kwa Gary Kleck ndi Marc Gertz mu 1995, atafunsa pafoni anthu pafupifupi 5,000. Amene anati zinawachitikira m'chaka chimenecho anali ongopitirira pang'ono 1 pa 100 alionse, ndipo kagawo kameneka anakachulukitsa ndi akuluakulu onse a dzikolo. David Hemenway wa ku Harvard anaonetsa pamene pagona vuto. Chinthu chikakhala chosowa, anthu ochepa chabe okokomeza kapena osokoneza zaka amatupitsa yankho koopsa. Mmodzi yekha pa 100 akanama, mwabala nkhani zabodza pafupifupi 2 miliyoni. Ndipo abambo pa nkhani ya kulimba mtima mukutidziwa.

Funso lenileni si lakuti chipolopolo chiti chimagwetsa munthu. Ndi lakuti kodi inuyo mudzamulasa? Bungwe la RAND litaunika apolisi a ku New York a zaka za 1998 mpaka 2006, linapeza kuti powomberana ndi zigawenga, zipolopolo 18 zokha pa 100 n'zimene zinkalasa. Amenewo ndi anthu ophunzitsidwa ntchitoyo. Nanga inu achimwene, odzidzimutsidwa 2 koloko usiku, magetsi atazima, ana ali kuseri kwa khoma? Zipolopolo zophonyazo zimapita kwina kwake.

Mu 2009 Charles Branas ndi anzake anapeza kuti ku Philadelphia, anthu amene anali ndi mfuti anali pachiopsezo cholasidwa kuposa kanayi poyerekeza ndi opanda mfuti. Nambala iyinso ili ndi chilema chake, popeza ena amanyamula mfuti chifukwa moyo wawo uli kale pangozi. Koma yokha ikukwanira kugwetsa chikhulupiriro chakuti mfuti ndi chithumwa.

Komanso manambala onsewa ndi a eni ake. Sanawerengedwe ku Liwonde kapena ku Balaka. Zimene ife tikudziwa n'zimene tinaona: nkhondo ya ku Mozambique itatha mu 1992, ndiponso asilikali atalanda zida a Payoniya pa Operation Bwezani mu Disembala 1993, mfuti zinamwazikana, ndipo chimene chinakula m'zaka zotsatira ndi umbava wa mfuti, osati tulo tabwino. Ife a m'malire a Nayuchi sitifunika kuuzidwa.

Lamulo la mfuti la 1967 limalola munthu kupempha laisensi, ndipo amene akufuna apite. Chokhacho, asanene kuti masamu ndiwo amutuma. Ndipo awerengere masiku onse 365 amene pisitoyo idzagone m'nyumba ya mphunzitsi, momwe muli ana ake, adzukulu, mikangano ya m'banja ndi mowa wa pakutha pa mwezi. Masiku amenewo m'tebulo lija mulibe.