Ayuda si wotchi yowerengera kutha kwa dziko

Chibukire nkhondo ya ku Gaza mu Okutobala 2023, ulaliki wa kutha kwa dziko wachuluka pa wailesi, pa mafoni ndi m'misika, kuyambira ku Insaca mpaka ku Entre-Lagos. Olalikawo akuti dziko la Israele litakhazikitsidwa pa 14 Meyi 1948, Mulungu anayamba kuwerenga masiku otsiriza, ndipo namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023 pamodzi ndi nkhondoyi ndizo zizindikiro zomaliza. Ena amaonjeza kuti wofuna madalitso a Abrahamu apereke ndalama msanga nthawi isanathe. Ife tikukana chiphunzitso chimenechi, chifukwa chikusokoneza chikhulupiriro ndipo chikhoza kusiya nkhokwe zathu zili gwa.

Tiyambe ndi kumene chinachokera. Atumwi sanachiphunzitse. Amene anachikonza mwadongosolo ndi John Nelson Darby, mlaliki wa m'zaka za m'ma 1800, ndipo chinafala kwambiri ku America kudzera m'mawu ofotokozera amene Cyrus Scofield anaika m'mphepete mwa Baibulo lake la 1909. Mu 1970 Hal Lindsey anawerengera kuti mbadwo umodzi ndi zaka 40, naloza chaka cha 1988 powerenga kuchokera 1948. Chakacho chinapita, ana obadwa nthawi imeneyo lero ali ndi mabanja awo. Kuno kwathu nkhani zotere si zachilendo. Mu 1908 ndi 1909 Elliot Kamwana anabatiza anthu zikwizikwi ku Nkhata Bay, kutsidya kwa nyanja ya Niassa, powalonjeza kuti ufumu udzafika mu 1914. M'chaka chimenecho munafika nkhondo yaikulu ya dziko lonse, imene inatenga makolo athu ambiri kukasenza katundu wa asilikali. Onsewa anaiwala kuti pa Marko 13 ndi pa Machitidwe 1 Ambuye Yesu anakana kuulula tsiku, nanena kuti nthawiyo ili m'manja mwa Atate okha.

Komabe pali choona chimodzi chimene olalikawa achigwira, ndipo sitichitaya. Malonjezo amene Mulungu anapatsa Abrahamu, Isake ndi Yakobe sanafafanizidwe. Paulo Woyera, m'mitu 9 mpaka 11 ya kalata yake kwa Aroma, akuphunzitsa kuti Mulungu salanda mphatso zimene anapereka. Akufanizira Israele ndi mtengo wa olivi, ife a mitundu ina ndi nthambi zakuthengo zolumikizidwa pa tsinde lake. Aliyense amene anaonapo mlimi akulumikiza mango a mtundu wabwino pa tsinde lina amadziwa kuti nthambi imamwa kuchokera ku muzu. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa nambala 674, akutinso kubwera kwa Khristu mu ulemerero kukugwirizana ndi nthawi imene Israele yense adzamzindikire. Koma sakutchula chaka, malire a dziko kapena gulu la nkhondo, ndipo pa nambala 676 akukaniratu maganizo akuti ufumu wa Mesiya udzakwaniritsidwa ndi mphamvu za ndale za pansi pano.

Apa mpamene tikusiyana nawo. Iwo amatenga mtundu wa anthu amoyo, okhala ndi ana ndi maliro awo, nkuusandutsa muvi wa wotchi. Mabomba akagwa amasangalala kuti ulosi ukukwaniritsidwa. Kodi Mkhristu angaombe m'manja pa imfa ya mwana, kaya wachiyuda kaya wachipalestina? Ku Gaza kuli parishi ya Banja Loyera, kumene Akatolika anzathu anathawira m'tchalitchi, ndipo Papa Francisco ankawaimbira foni kawirikawiri mpaka pafupi ndi imfa yake mu Epulo 2025. Akhristu a ku Betelehemu nawonso ndi Apalestina. Ulaliki umene ulibe malo a anthu amenewa suchokera kwa Mbusa Wabwino. Ndiponso kuno ku Niassa, kumene timamwa madzi a pa mjigo umodzi ndi anansi athu Asilamu, mawu owatcha adani a nkhondo yotsiriza angathe kuyatsa moto m'midzi imene ikukumbukirabe nkhondo ya zaka 16, yomwe inatha mu 1992.

Tikutsutsanso cholakwa china, chimene chimamveka ngakhale pakati pathu pa Lachisanu Loyera, chakuti Ayuda ndi otembereredwa chifukwa anapha Yesu. Pa 28 Okutobala 1965, Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican, m'chikalata cha Nostra Aetate, unaphunzitsa kuti imfa ya Ambuye singaikidwe pa Ayuda onse a nthawiyo, ngakhalenso pa Ayuda a lero. Yesu mwini, Amayi Maria ndi atumwi onse anali Ayuda. Chidani chimenechi chinathandiza kukonza njira ya kuphedwa kwa Ayuda pafupifupi 6 miliyoni ku Ulaya mu ulamuliro wa Hitler. Mchifukwa chake Papa Yohane Paulo Wachiwiri, pa 13 Epulo 1986, analowa m'sunagoge wa ku Roma nawatcha akulu athu.

Tsono tidikire bwanji? Ku Tesalonika kunali Akhristu amene anataya ntchito poganiza kuti tsiku lafika, ndipo Paulo anawalamula kuti agwire ntchito mwabata ndi kudya za thukuta lawo. Lamulo lomwelo likutikhudza. Musagulitse mbuzi kuti mugule madalitso, pakuti lonjezo la pa Genesis 12 linaperekedwa kwaulere ndipo tinalilandira pa ubatizo. Musatulutse mwana pasukulu chifukwa cha uthenga wa pa foni. Mvula ikagwa bzalani chimanga, okerani mpunga m'madambo a ku Chirua, sokani maukonde. M'miphakati yathu tiwerenge pamodzi Aroma 11 ndi akatekisiti athu, tipempherere mtendere wa Ayuda ndi Apalestina. Ambuye adzabweradi, monga timavomerezera pa Misa iliyonse, ndipo pa Mateyo 25 anatiuziratu mafunso a tsikulo: za wanjala, waludzu, mlendo, wausiwa, wodwala ndi wam'ndende.