Kachewere Sayesedwa ndi Masamba

Teremu yathayi mnzathu wina wa Fomu 3, wosewera pakati m'timu yathu ya mpira wa miyendo, anadyetsa njomba anyamata atatu a sukulu ina n'kumwetsa chigoli chokoma. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake silichoka pakamwa. Ena akumutcha Mtawali. Ena akumunong'oneza kuti asiye seminale akayese mwayi ku Dedza Dynamos. Ine ndikuti tidekhe, chifukwa tikusewera ndi tsogolo la mnyamata wa zaka 16.

Alimi a ku Bembeke amadziwa kuti kachewere sayesedwa ndi masamba. Munda utha kubiriwira mochititsa kaso, koma pokumba n'kupeza timbatata tonga mazira a njiwa. Chigoli chimodzi ndi masamba chabe. Tsono mbatata yeniyeni tiione bwanji?

Ku America kuli masewera otchedwa baseball, omenya kampira kolimba ndi chibonga. Kumeneko mnyamata waluso samuika m'timu yaikulu tsiku lomwelo. Amayamba wasewera m'maligi aang'ono, kukwera sitepe imodzi imodzi, akatswiri akulemba zonse zimene akuchita. Gift Ngoepe wa ku South Africa, yemwe anakulira m'kachipinda ka pa bwalo la baseball ku Randburg kumene amayi ake ankagwira ntchito, anatengedwa ndi timu ya Pittsburgh Pirates mu 2008. Malo ake anali a shortstop, amene amafuna maso akuthwa, miyendo yopepuka ndi mkono wamphamvu. Pogwira ndi kuponya mpira anali dolo, koma pomenya ankavutika. Anadikira mpaka pa 26 Epulo 2017 kuti alowe m'ligi yaikulu, ndipo anakhala woyamba wobadwira mu Africa kutero. Atafikako anasewera masewero ochepa okha mu 2017 ndi 2018. Ngati munthu wophunzitsidwa zaka zonsezo anapeza kuti pamwamba m'poterera, nanga ife tikuthamangira chiyani ndi mnzathuyu?

Ndamuonerera chaka chathunthu, ndipo ndinene mosapsatira. Mwendo wake wamanja ndi wabwino zedi. Amadzutsa mutu asanalandire mpira, choncho amadziwiratu kopatsira. Ili ndi luso losowa pa msinkhu wake. Koma mwendo wamanzere ndi wongoyendera. Tikalandidwa mpira sabwerera kudzathandiza otchinga kumbuyo. Chigawo chachiwiri chikafika pakati mpweya umamuthera. Ndipo akalakwitsa kamodzi amakhumudwa, n'kuzimirira m'bwalo kwa mphindi khumi. Tisaiwalenso kuti amene akuwadyetsa njombawo ndi ana a sukulu anzake. M'ligi yaikulu adzakumana ndi madoda a ndevu amene mpira ndiye nsima yawo.

Amene akumutcha Mtawali akumbukire kuti Ernest Mtawali anasewera zaka zambiri ku South Africa, nakafika mpaka ku Toulouse m'dziko la France. Dzina lotere salipata ndi Loweruka limodzi. Ngakhale chigoli chija Gabadinho Mhango anagoletsa Morocco ali kutali, ku Cameroon mu Januwale 2022, sichinapulumutse Flames, pakuti tinagonja 2-1. Mpira ndi mphindi 90.

Ena anganene kuti mwayi sudikira munthu, ndipo mpira umafuna ukadali wamng'ono. Nzoona. Koma mpira umathanso munthu akadali wamng'ono. Bondo likangothyoka, ochemerera aja amabalalika, iwe n'kutsala wopanda setifiketi ya MSCE. Kwa mnzathuyu kwangotsala chaka chimodzi ndi miyezi yochepa kuti alembe mayeso. Luso lenileni silingaole m'nthawi imeneyi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Enanso ali ndi maganizo osiyana ndi amenewa. Iwo akuti mseminale wokonda mpira chotere alibe maitanidwe. Apanso ndikukana. Seminale yaing'ono ndi ligi yaing'ono ya unsembe. Timalowa ambiri mu Fomu 1, koma njira ndi yaitali: ku Kasina, ku Kachebere, kenaka ku St Peter's ku Zomba. Amene amaimba mokweza m'tchalitchi lero si onse adzafike pa guwa, ndipo wina amene timamuona ngati wampira chabe atha kudzakhala bambo mfumu wa parishi. Mneneri Samueli atapita kwa Yese anakopeka ndi msinkhu wa mwana wamkulu, koma Mulungu anasankha Davide, wamng'ono amene anali kubusa. Chodabwitsa n'chakuti zimene kochi amafuna mwa wosewera pakati ndi zomwenso aphunzitsi athu amafuna mwa ife: kugwira ntchito pamene palibe wokuombera m'manja, kupatsira mnzako ulemu m'malo moudya wekha, ndi kudzuka msanga ukagwa.

Choncho pempho langa ndi ili. Aseminale anzanga, tileke kumupatsa maina aakulu. Tikamukonda, tidzuke naye m'chisanu cha Juni kukathamanga, ndipo timuumirize kumenya ndi mwendo wamanzere. Ansembe ndi aphunzitsi athu, muyeseni pa chaka chonse, m'kalasi, m'tchalitchi, kumunda ndi pabwalo. Makolo, musamukokere ku mpira chifukwa cha ndalama zimene simunazione, komanso musamukakamize unsembe chifukwa cha ulemu wa pamudzi.

Kodi mnzathuyu adzavala yunifolomu ya Flames kapena mkanjo wa ansembe? Yankho langa ndi lakuti nthawi yokumba sinakwane. Pakadali pano tipalire, tithire manyowa, timupempherere. Iyeyo alembe MSCE.

Wophunzira wa Fomu 4