Tisanadzale Mtengo Wosinthidwa Chibadwa

Mwezi uno tifuna tikambirane za mitengo imene anthu a sayansi aisintha chibadwa. Iwo amatenga kachidutswa ka chibadwa cha chamoyo china ndi kukalowetsa mu mtengo, kuti ukule msanga kapena upirire matenda. Dziko la China lidalola kudzala mitengo ya poplar yotere m'chaka cha 2002, ndipo la Brazil lidavomereza bulugamu wotere mu 2015. Koma phunziro lalikulu tilipeza ku America.

Kum'mawa kwa dziko limenelo kudali mtengo waukulu wotchedwa chestnut, umene unkapatsa anthu matabwa ndi mtedza, ndi kudyetsa nyama za m'thengo. M'chaka cha 1904 ku New York kudaoneka nthenda ya chuku imene idadza ndi mbande zochokera ku Asia. Pofika m'zaka za m'ma 1950 nthendayo idali itapha mitengo yoposa 3 biliyoni. Pofuna kubwezera mtengowo m'nkhalango, akatswiri awiri a pa sukulu ya ukachenjede ku Syracuse, William Powell ndi Charles Maynard, adauika kachidutswa kochokera ku tirigu, kamene kamathetsa mphamvu ya ululu umene chukucho chimaphera khungwa. Mtengo watsopanowo udatchedwa Darling 58, ndipo mu 2020 sukuluyo idapempha boma kuti lilole kuudzala ponseponse.

Cholinga chidali chabwino ndithu. Komatu mu 2023 kudadziwika kuti mitengo imene adakhala akuiyesa kwa zaka zingapo sidali Darling 58 ayi, koma mbale wake, Darling 54, popeza ziwirizi zidasokonezeka m'manja mwa eni ake omwe. Bungwe la American Chestnut Foundation, limene linkathandiza ntchitoyi, lidanena kuti mitengoyo inkakula mopinimbira ndi kufa kuposa inzake, ndipo mu December chaka chomwecho lidaleka kuichirikiza.

Tilingalire bwino pamenepa. Awa sadali anthu osasamala, koma ophunzira ndi okonda nkhalango, komabe adalakwitsa. Mwayi ndi wakuti cholakwacho chidaoneka mitengo ikali m'minda yoyesera. Nanga ikadakhala itamwazika kale m'mapiri? Chimanga chikatikhumudwitsa timasintha mbewu chaka chamawa. Mtengo sutero ayi. Umakhala zaka zochuluka kuposa woudzala, ndipo mungu wake umapita ndi mphepo ndi njuchi osadziwa malire a munda. Ukakwatana ndi mitengo yachilengedwe palibe angaubweze, pakuti madzi akatayika saoleka.

Ifenso zotere tidalawako. Paini wochokera ku Mexico adadzalidwa pa phiri la Mulanje ndi mtima wabwino, koma adafalikira yekha mpaka kulanda malo a mkungudza wathu, ndipo kumchotsa kwadya thukuta la zaka zambiri. Ameneyo adali mtengo wamba, wosasinthidwa chibadwa.

Palinso funso la chilungamo. Wodzala mtengo wotere amasankhira mnansi amene sadafunsidwe, ndi adzukulu amene sanabadwe. Phindu likakhalapo amadya ndi mwini mbewu; choipa chikabuka amasenza ndi onse. Nkhalango si yathu yoti tichite nayo zimene tifuna. Tidangoikizidwa, ndipo tidzaisiyira ena.

Sitikunyoza sayansi ayi. Inu achinyamata, iphunzireni ndi khama, kuti mukadzamva za mbewu yodabwitsa mudzathe kufunsa: Yayesedwa zaka zingati? Mwini wake ndani? Ikalakwika adzaichotsa ndani? Ndipo ife makolo tiphunzitse ana kufesa mbawa, mlombwa ndi msuku, mitengo imene nthaka yathu idaidziwa kale. Pa chinthu chimene chidzakhalapo ife titapita, kudikira zaka zowerengeka si kutaya nthawi. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.