CHITSEKO CHINATSEGUKA, NANGA KHASU LIRI KUTI?

Abale ndi alongo a m'nthambi,

Palibe mwa ife amene angatume mwana kumunda wopanda khasu, nam'dzudzula madzulo kuti sanalime. Komatu ichi ndicho tiri kuchita ndi ana athu aulumali. M'chaka cha 1994 Boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, kuti ana onse alowe. Analowadi. Koma wosaona analowa wopanda cholembera chake, wosamva anangokhala kuyang'ana milomo ya aphunzitsi, ndipo wosayenda anaberekedwa ndi amake kufikira tsiku limene msana wa amake unakana. Ana otere akaleka sukulu timati ngouma mutu, chikhalirecho ndife amene sitinawapatse makasu ao.

Makasu akewo ndi ati? Mwana wosaona awerenga ndi zala. Louis Braille wa ku France, amene anachita khungu ali wamng'ono, anakonza m'chaka cha 1824, ali ndi zaka 15, zilembo za timadontho 6 totukuka pa pepala. Kuti mwana alembe chotero afuna sileti yake, kachitsulo kobayira ndi pepala lolimba, kapena makina a Perkins amene alemba mofulumira. Mwana woona pang'ono afuna magalasi, galasi lokulitsa zilembo, buku la zilembo zazikulu ndi mpando wa kutsogolo. Ambiri mwa ana achialubino ali m'gulu limeneli, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu achialubino 134,636 m'Malawi muno. Wosamva bwino afuna kachipangizo kovala kukhutu. Wosamva konse afuna mphunzitsi wodziwa chinenero cha manja. Wosayenda afuna njinga kapena ndodo, khomo lopanda masitepe, ndi chimbudzi choti njingayo nkulowamo. Masiku ano ziripo ngakhale foni ndi kompyuta zowerenga malemba mokweza, koma kumudzi kuno zifuna sola yotchajira.

Tisamapemphe zinthu izi monga opemphetsa. M'chaka cha 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inapanga lamulo la anthuwa, ndipo mu 2024 linadza lina m'malo mwake. Maphunziro a mwana waulumali ndi ufulu wolembedwa, ndipo ufulu wolowa m'kalasi wopanda chophunzirira uli ngati nkhokwe yopanda chimanga.

Tidziwa kuti sukulu za ana osaona ziripo, monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje. Za osamva ziri ku Mua, ku Embangweni ndi ku Maryview. Ndipo koleji ya Montfort ku Chiradzulu isula aphunzitsi a ana otere. Tiyamika nchito yao. Koma sukuluzi nzowerengeka ndi zakutali. Mwana wa m'mudzi mwathu akapanda kuthandizidwa pa sukulu imene tinaumbira njerwa ife tomwe, kawirikawiri sathandizidwa konse.

Tsono mverani mau athu akulu. Kupereka chipangizo ndi nchito ya tsiku limodzi; kuchisunga chamoyo ndi nchito ya zaka zonse za sukulu. Tonse taona mwambo wake: magalimoto afika, amai aimba nthungululu, mwana am'kweza pa njinga, zithunzi zijambulidwa, alendo apita. Nanga pambuyo pake? Batire la kachipangizo ka kukhutu litha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Khutu la mwana likula, ndipo kotsekera kake kayamba kukhwepa. Tayala la njinga libooka ndi minga. Pepala la Braille litha pakati pa teremu. Makina alowa fumbi, natsekeredwa m'kabati ya ahedi. Mwana abwerera pa khonde, koma m'mabuku a ku ofesi alembedwabe kuti anathandizidwa.

Ife akumudzi phunziro ili tinaliphunzira kale pa mjigo. Mjigo wopanda komiti, wopanda thumba la masipeyala ndi munthu wodziwa kuukonza, ufa msanga, ndipo amai abwerera kudambo. Chimene tichitira mjigo tichitirenso njinga ya mwana.

Ena adzati, "Ndalama zichokera kuti, poti ana ena ali kuphunzira pansi pa mtengo?" Funso ili nloona, ndipo sitilithawa. Koma zambiri sizifuna ndalama zochuluka. Kukhazika mwana kutsogolo nkwaulere. Mmisiri amene amanga kalasi angathe kumanga chikweza choyendapo njinga pa khomo ndi njerwa zomwezo. Wokonza njinga pa msika adziwa sipoko, chubu ndi beringi. Zotsalazo, monga makina, mapepala ndi mabatire, zilembedwe m'ndalama zotukulira sukulu ndi m'thumba la chitukuko cha dera, chaka ndi chaka, monga mulembedwa choko. Ndipo amene ayesa kuti nkhaniyi nja anzake akumbuke mau a akulu: lungalunga mpobadwa, chilema chichita kudza. Malungo a muubongo, chikuku, khutu lotuluka mafinya, ngozi ya kabaza: izi sizisankha khomo.

Chifukwa chake tipempha nthambi iriyonse ichite izi teremu isanathe.

1. Mlembi, pamodzi ndi a mfumu ndi amai a gulu losamalira ana pa sukulu, ayende khomo ndi khomo kulemba ana aulumali, opita kusukulu ndi okhala pakhomo omwe. Makolo ndiwo avomere. Mainawo asawerengedwe pa bwalo, makamaka a ana achialubino, pakuti tidziwa zoopsa zimene zawagwera m'dziko lino.

2. Anawo akapimidwe kuchipatala asanalandire kanthu. Magalasi ogula pa msika sayenerana ndi maso a mwana, ndipo njinga ya munthu wamkulu ipinda msana wa mwana ndi kum'patsa zilonda.

3. Zosowa zao ziperekedwe molemba kwa ahedi, komiti ya sukulu ndi mlangizi wa sukulu za m'dera, kenaka ku komiti ya chitukuko ya mudzi, kufikira kwa khansala ndi phungu.

4. Aliyense wobweretsa chipangizo tim'landire mwaulemu, koma tim'funse pamaso pa anthu: chikaonongeka akonza ndani, masipeyala ali kuti, ndipo mphunzitsi wodziwa kuchigwiritsa nchito ndi uti?

5. Pa msonkhano wa mwezi ndi mwezi tcheyamani afunse: mwa zipangizo zimene zinadza, nzingati zikali kugwira nchito, ndipo ana angati akali m'kalasi?

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Pa msonkhano ukudzawu aliyense adze atadziwa makomo a m'mudzi mwake amene ali ndi mwana wotsala pakhomo anzake akapita kusukulu, kuti mlembi ayambe ulendo wake.

Ife anu,
A Komiti ya Nthambi