Ndakatulo ya Maliro Isavale Chovala Chobwereka

Masiku ano pa maliro ndi potsegulira ziliza kuno ku Nsanje, achinyamata ophunzira amaimirira ndi pepala nalakatula ndakatulo yokumbukira malemu. Mwambowu ngwabwino. Chimene tikukana ndi lamulo lotengedwa ku ndakatulo za Chingerezi, lakuti mizere izithera ndi mawu omveka mofanana.

Tiyeni tione. M'Chichewa mawu onse amathera ndi a, e, i, o kapena u, ndipo aneni monga kulira, kupita ndi kusowa amathera ndi a. Tsono kufananitsa mathero si luso konse. Ngakhale mwana angathe. Choipa nchakuti wolemba posaka mawu ofananawo amayamba kunama: mayi amene anali msodzi wa mau ochepa asanduka duŵa, nkhalamba yolima mapira isanduka nyenyezi. Anamfedwa akumva zokoma, koma m'bale wao sakumuonamo.

Ena adzati popanda lamulolo ndakatulo ikhala nkhani wamba. Iai! Azimai a Chimang'anja ndi a Chisena akamachezera m'siŵa ali nalo dongosolo lao: mmodzi atsogola, onse avomera ndi mzere umodzi wobwerezabwereza, ndipo mzere uliwonse utha mpweya usanathe. Chilankhulo chathunso chimakoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza mpweya ukamapuma, ndipo kukokako ndiko kumapatsa kulira kayendedwe kake.

Ngakhale Buku la Maliro, lolira kugwa kwa Yerusalemu, silidalira mathero ofanana. Mitu yake inai yoyamba imatsata malembo 22 a Chihebri, ndipo kaŵirikaŵiri mzere wautali umatsatidwa ndi waufupi, ngati munthu wotsamwa ndi misozi.

Nkhaniyi si yaing'ono. Madzi osefukira a Shire ndi Ruo mu 2015, ndi namondwe Freddy mu 2023, adatenga anthu ena amene matupi ao sadapezeke. Iwo alibe manda oti nkuikapo mtanda. Ndakatulo ndiyo chiliza chao, ndipo pa chiliza sitilembapo bodza.

Choncho aphunzitsi ndi makolo, uzani ana athu kuti atchule dzina la malemu, mfunda wake, mudzi wake ndi ntchito ya manja ake. Asiyenso mzere umodzi wosavuta woti khamu lonse livomere, pakuti maliro nkulirana. Agogo osadziŵa kuŵerenga akatha kuvomera nao, ndakatuloyo yakhoza.