Bag siibweza nkhonya, koma munthu amabweza

Masiku ano gym zambiri mu Lusaka zili ndi chi bag cholendewera pakona, ndipo ku komboni nako anyamata sanatsalire: saka ya unga, chingwe, mtengo wa mango, basi gym yatseguka. Azimayi nawo alowamo, ena kufuna kuchepetsako thupi, ena kuchotsa stress ya ku ofesi. Zonsezi ni zabwino. Koma sabata ino ndifuna tikambe za bodza limene bag imauza aliyense woimenya.

Bag imakunamizani kuti ndimwe akatswiri. Muimenye manja ali pansi, ili chete. Muimenye chibwano chili m'mwamba monga munthu woyang'ana ndeke, ili chete. Mutseke maso, muime phazi limodzi, iyo ingolandira chabe. Pakapita miyezi itatu thupi lazolowera zolakwa zonsezo, ndipo kuzichotsa kumavuta kupambana kuphunzira kuyambira pachiyambi.

Ine ndinaziona ndekha. Ndinamenya bag kuseli kwa nyumba miyezi isanu ndi umodzi, mpaka ana a maneba anayamba kunditcha champion. Tsiku lina ndinapita ku ka gym kena ka mu komboni, nditadzikhulupirira maningi. Ba coach, mudala wa imvi wosakamba zambiri, anandiveka headguard ndi kundipatsa mfana woonda ngati bango kuti tichite sparring yopepuka. Raundi imodzi chabe, mfana uja anandigunda tsaya la kumanja kambirimbiri mpaka ndinaleka kuwerenga. Sanali kumenya mwamphamvu, anali kungogogoda monga munthu wofika pakhomo. Nthawi iliyonse ndikaponya jab ndi dzanja lamanzere, lamanja linali kutsikira m'chiuno, ndipo hook yake inali kulowa pamenepo.

Belu italira, ba coach anandiyang'ana nati: "Ba boss, iyo kwanja ya right iyenda kukachita chani ku pocket? Mufuna kulipila conductor?" Gym yonse inaseka. Ine ndinapita kunyumba khutu likulira, nsima ndinadyera mbali imodzi masiku awiri.

Phunziro la tsiku lija ndilo mutu wathu lero: nkhonya siinathe mpaka dzanja litabwerera kumaso. Kuponya ni theka chabe la nchito. Theka linalo ni kubweza dzanja mwamsanga, kudzera njira imodzimodzi imene linapitira. Mukagwira ichi, zina zonse zimayamba kukhala m'malo mwake.

Tiyambire pansi, kaili nyumba imayambira pa maziko. Ngati mumalembera dzanja lamanja, phazi lamanzere likhale kutsogolo. A left ni mosinthanitsa. Mapazi atalikirane mofanana ndi mapewa anu kapena kupitirirako pang'ono, ndipo asakhale pamzera umodzi monga woyenda pa njanji. Maondo apindike pang'ono, chidendene cha phazi lakumbuyo chinyamuke pang'ono. Chibwano chitsike, maso ayang'ane kutsogolo kudzera pamwamba pa ma gloves. Dzanja lakumbuyo likhale pa tsaya ngati mukukamba pa foni, lakutsogolo likhale patsogolo pang'ono, molingana ndi diso. Zigongono zigone pa nthiti. Kumbukirani kuti chiwindi chili ku mbali ya kumanja, pansi pa nthiti, ndipo nkhonya ikafika pamenepo olo chimuna cha bwanji chimagwada.

Manje mtunda. Ambiri amaima pafupi maningi ndi bag, ndiye chifukwa chake amaikankha m'malo moimenya. Tambasulani jab yanu: glove iyenera kugunda bag pamene mkono watsala pang'ono kuongokeratu. Pamenepo ndiye panyumba panu. Ngati bag ikuuluka uku ndi uku monga katungwe wa ana, musanyade ati nili na power. Ni chizindikiro chakuti mukukankha. Nkhonya yabwino imalira phwa! mwachidule, bag imanjenjemera ndi kupindika pomenyedwapo, koma siipita patali. Ganizani monga mukukhudza mbaula yotentha: kufika, kuchokapo.

Mphamvu siichokera m'mkono. Imayambira ku phazi, kudutsa m'chiuno, kufika pa phewa, dzanja limangopereka katundu. Poponya right yoongoka, zungulutsani phazi lakumbuyo monga mukuzima kandudu pansi, chiuno chitsatire, ndipo phewa likwere kubisa chibwano. Pa nthawi imeneyo dzanja lamanzere likhale litabwerera kale pa tsaya. Lamulo ni losavuta: limodzi likapita ku nchito, linalo lilonda nyumba. Pa hook, chigongono chikwere molingana ndi chibakera, thupi lizungulire pamodzi, ndipo musayambe mwabweza dzanja kumbuyo kukatenga mphamvu. Kuteroko ni kutumira mnzanu meseji yakuti konzeka, nibwera.

Osaiwala kupuma. Tulutsani mpweya mwachidule pa nkhonya iliyonse, ka "tss" kaja mumamva kwa ochita nkhonya. Amene amamenya atagwira mpweya amatopa miniti imodzi isanathe. Futi musafinye chibakera nthawi yonse. Dzanja likhale lomasuka mu glove, mulimbitse pamene likufika pa bag. Mkono wouma umachedwa kupita, umachedwanso kubwera.

Tikambeko za manja, chifukwa ndiwo amatidyetsa. Menyani ndi mfundo ziwiri zazikulu, ya chala cholozera ndi ya chapakati, ndipo pamene timavala nkoloko pakhale poongoka ndi mkono, osapindika. Mukamenyera ku mbali ya kachala kothera, kafupa ka kumbuyo kwa mfundo yake kamathyoka msanga, ndipo madokotala amakutcha boxer's fracture chifukwa cha momwe kumachitikira. Kupola kwake kumatenga masabata angapo, nthawi zambiri mwezi kapena kupitirira. Ngati ndimwe bricklayer, dalaivala, telala kapena oluka tsitsi ku saluni, mwezi wathunthu dzanja lili mu pulasitala ni renti imene yapita. Choncho mangani ma wraps nthawi zonse, aja aatali mamita 4.5 ndiwo amakwana bwino dzanja la munthu wamkulu, ndipo valani ma gloves a 12oz mpaka 16oz. Kumenya bag manja ali chabe si umuna, ni kusewera ndi chakudya cha ana. Dzanja likatupa, kapena mukaona mfundo yalowa mkati, pitani ku kiliniki, musangomanga nsalu ati izapola yeka.

Imwe a saka ya pa mtengo wa mango, mvetserani. Mchenga wokhawokha ni woipa. Umatsikira pansi ndi kulimba monga konkiri, makamaka ukanyowa ndi mvula. Dzazani saka yanu ndi zovala zakutha zoduladula, zija zotsala pa salaula kapena zidutswa za kwa telala, mutachotsa mabatani ndi mazipi. Mukafuna kuti ilemereko, ikani mchenga wochepa m'timapulasitiki pakati penipeni, nsalu zikute mbali zonse. Mukatsiriza, ilowetseni m'nyumba.

Manje funso lalikulu: tingaphunzire bwanji guard pa chinthu chosabweza? Yankho ni kuipatsa manja bag imeneyo m'maganizo mwanu, ndi kudziikira chilango mukalakwa. Nazi njira zimene zinandithandiza.

Yoyamba ni kapepala. Tengani ka scratch card ka talk time kakale, mukapanikize pa tsaya ndi glove ya kumanja, ndipo mumenye jab yokhayokha raundi yonse. Kakagwa, ma press-up asanu. Tsiku loyamba mudzachita ma press-up ambiri kupambana nkhonya, koma pakutha sabata dzanja lidzakhala litamva.

Yachiwiri ni ya chibwano. Pindani sokosi ikhale ngati kampira, kapena tengani mpira wa tennis, muupanikize pansi pa chibwano ndi kumenya mopepuka. Ukagwa, ndiye kuti mutu unadzuka.

Yachitatu: musatsirize combination ndi kuimirira kuyamikira nchito yanu. Mukaponya one-two, chitani kanthu nthawi yomweyo. Pendeketsani mutu kumbali, kapena tsekani ndi ma gloves, kapena sunthani phazi muchoke pamzera. Bag ikamabwerera kwa imwe, itengeni ngati munthu amene akubwera ndi mkwiyo. Musaigwire ndi manja nthawi iliyonse. Izungulireni, muilandire ndi jab. Posuntha, phazi la mbali imene mukupita liyambe, linalo litsatire, ndipo miyendo isapingasane.

Yachinayi ifuna mnzanu. Aime kumbali kwa bag ndi botolo la pulasitiki lopanda kanthu kapena patapata. Akaona dzanja latsika, akugundeni pang'ono pa phewa kapena pamwamba pa mutu, osati m'maso. Palibe mphunzitsi woposa patapata, tonse tinakulira momwemo.

Yachisanu ni foni. Iimikeni pa njerwa, mujambule vidiyo, koma musaonere raundi yoyamba pamene mukali fresh. Onerani yothera. Pamenepo ndiye mudzaona munthu weniweni: pakamwa yasa, manja pa mimba, mapazi omata pansi. Poonerera akatswiri chitaninso chimodzimodzi. Sakani pa YouTube ndewu za Catherine Phiri, amene anatenga lamba wa WBC wa bantamweight ku Mexico mu 2016 atagonjetsa Yazmin Rivas, kapena za Patrick Chinyemba, amene anabweretsa bronze kuchokera ku Commonwealth Games ku Birmingham mu 2022. Anthu onse amayang'ana dzanja limene likumenya. Imwe yang'anani linalo, ndi mapazi.

Kwa oyamba kumene, nayi programu yosavuta, katatu pa sabata. Yambani ndi kulumpha chingwe ndi shadow boxing mphindi 10 kuti thupi litenthe. Kenaka maraundi 6 a mphindi 2, kupumula mphindi imodzi pakati. Mukalimba mukwere kufika mphindi 3 monga amachitira amuna mu ring. Raundi 1, jab chabe ndi kapepala. Raundi 2, one-two ndi kuchoka pamzera. Raundi 3, onjezani hook. Raundi 4, kumenya kumutu ndi kumimba, mukupinda maondo potsika, osati kuweramitsa msana. Raundi 5, nkhonya zopepuka zothamanga. Raundi 6 chabe ndiyo ya mphamvu. M'maraundi enawo theka la mphamvu zanu likwana.

Ndipo mukafika poti manja akukana kukwera, lekani. Ndidziwa, mtima umati limbikira, osagonja. Koma mphindi iliyonse imene mukumenya manja ali pansi, mukuphunzitsa thupi chinthu chimene chidzakugwetseni. Maraundi anayi audongo aposa khumi a chimenyemenye.

Wina anganene kuti ine sinifuna kulowa mu ring, nifuna chabe kutuluka thukuta. Zoona, koma kusunga manja m'mwamba ndi kuyendetsa mapazi raundi yonse kumatopetsa kupambana kuima malo amodzi ndi kukankha saka. Mapewa, mimba ndi miyendo zonse zimagwira nchito. Thukuta mudzalipeza lochuluka, ndipo manja anu adzakhala bwino.

Kwa imwe amene mulota malamba, kumbukirani Lottie Mwale, Gunduzani mwini wake. Anatenga golide pa Commonwealth Games mu 1974, ndipo dziko lonse linali kuima akamamenya. Mu 1980 anapita ku San Diego kukalimbirana lamba wa WBC wa light heavyweight ndi Matthew Saad Muhammad, ndipo ndewu inatha ndi knockout mu raundi 4. Ngati katswiri wa msinkhu umenewo anagwetsedwa, nanga ine ndi imwe a pansi pa mango? Chibwano chilibe masozi amene mungakulitse ku gym. Chitetezo chake ni manja, phewa ndi mapazi anu basi.

Mau othera: zimene mukuphunzira pa bag zitsale pa bag ndi mu ring. Ku bar kulibe ma gloves, kulibe refa, ndipo mutu wa munthu ni wolimba kupambana tumafupa twa dzanja lanu. Mapeto ake ni pulasitala ndi mlandu ku polisi. Ngati mufuna kudziyesa, pezani coach wodziwa nchito, valani gumshield ndi headguard, muyambe ndi sparring yopepuka.

Mfana uja wa ku gym tikali kukumana. Amandigundabe, koma masiku ano amayamba wasakasaka polowera. Ba coach nawo analeka kundifunsa za conductor.

Mawa m'mamawa, musanaponye nkhonya yoyamba, sakani kapepala. Tionana sabata ya mawa, manja m'mwamba.