SUKULU YA CHASSA NDI MWANA WA KUMUDZI

Akuluakulu akamatchula masukulu akale a sekondale a m'chigawo chathu cha Kum'mawa, maina amene salephera kutuluka ndi Chizongwe, Katete, St. Monica's ndi Chassa. Kwa ife Akatolika a kuno kwa Mfumu Pembamoyo, kumalire a Malawi ndi Mozambique, dzina la Chassa limamveka lolemera ndithu. Mnyamata akasankhidwa kupita kumeneko, mudzi wonse umadziwa. Mwezi uno tiyeni tione kumene sukuluyi inachokera, kuti tidziwenso chimene ikutifunsa ife makolo a lero.

Chassa ndi sukulu ya anyamata yogonera konko. Ili m'boma la Sinda, pakati pa Katete ndi Petauke, m'Dayosizi yathu ya Chipata, ndipo ili m'manja mwa Abulazala a chipani cha Marist. Abulazalawa anafika ku Chassa mu 1954 kuchokera ku Canada, dziko lino likadali Northern Rhodesia. Pa nthawiyo Eklezia wa chigawo chino, chimene chinkatchedwa Fort Jameson, ankatsogoleredwa ndi Ambuye Firmin Courtemanche a chipani cha White Fathers, amenenso kwao kunali ku Canada. Chassa ndiyo inali nyumba yoyamba ya Abulazala a Marist m'dziko lino. Pambuyo pake anatsegula sukulu ya St. Paul's ku Mulungushi, pafupi ndi Kabwe.

Kuti timvetse kukula kwa ntchito imeneyi, tikumbukire m'mene zinthu zinalili. Boma la atsamunda linachedwa kwambiri kutsegulira ana achikuda maphunziro a sekondale. Kalasi yoyamba ya ku Munali ku Lusaka inayamba cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Pofika 1964, chaka cholandira ufulu, dziko lonse la Zambia linali ndi anthu pafupifupi 100 okha amene anatsiriza maphunziro a ku yunivesite, ndipo Yunivesite ya Zambia inadzatsegulidwa mu 1966. Choncho mwana wa mlimi amene anapeza malo pa sukulu ya mishoni m'zaka zimenezo anali ngati wapatsidwa khasu latsopano pakati pa anthu olima ndi zigwinjiri. Masukulu onga Chassa ndiwo anathandiza kupatsa dziko latsopanoli aphunzitsi, makalaliki ndi antchito a m'zipatala.

Koma muzu wa Chassa ndi wakale kuposa 1954. Chipani cha Marist anachiyambitsa ndi Marcellin Champagnat Woyera, wansembe wa ku France, amene anabadwa mu 1789. Iye mwini anali mwana wa kumudzi ndipo sukulu inamuvuta poyamba. Atadzozedwa unsembe mu 1816 anatumizidwa ku parishi ya m'mapiri ya La Valla. Mu Okutobala chaka chomwecho anaitanidwa kwa mnyamata wodwala kwakayakaya, Jean-Baptiste Montagne, ndipo anapeza kuti mnyamatayo sankadziwa ngakhale mfundo zoyamba za chikhulupiriro. Zimenezi zinamulasa mtima. Pa 2 Januwale 1817 anasonkhanitsa anyamata awiri m'kanyumba kakang'ono, nayamba nawo chipani cha abulazala ophunzitsa ana a m'midzi. Abulazala oyambawo ankasula misomali kuti apeze chakudya. Pamene Champagnat ankamwalira pa 6 Juni 1840, chipanichi chinali ndi masukulu 48. Papa Yohane Paulo Wachiwiri anamulemba m'gulu la oyera pa 18 Epulo 1999.

Mfundo ya mbiri yonseyi ndi imodzi. Masukulu a Marist anayambira pa mwana wosauka wa kumudzi amene aliyense anamuiwala. Chassa inamangidwa kuthengo, kutali ndi njanji ndi migodi, kuti mwana wotere apeze pophunzira.

Lero zambiri zasintha. Chassa ndi imodzi mwa masukulu a mishoni othandizidwa ndi boma: aphunzitsi amalandira malipiro ku boma, pamene Eklezia amayendetsa sukulu ndi kusunga mwambo wake. Abulazala a Marist a m'Zambia tsopano ali m'chigawo chimodzi ndi anzao a ku Malawi, Mozambique, Zimbabwe, Angola ndi South Africa, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana a Afrika. Mu Januwale 2022 boma linachotsa fizi m'masukulu ake kufikira Giredi 12, ndipo chaka chomwecho linalemba aphunzitsi oposa 30,000. Mu 2025 ndondomeko yatsopano ya maphunziro inabweza dzina la Fomu 1, limene agogo athu amalikumbukira bwino.

Zonsezi n'zokondweretsa, komabe mwana wogonera pa sukulu amafuna zambiri. Pali ndalama ya chakudya ndi malo ogona, yunifolomu, nsapato, bulangete, sopo, mabuku, ndiponso ndalama ya ulendo. Kuchoka kuno kukafika ku Sinda ndi ulendo wautali, ndipo mwana amayenda ulendo umenewu kupita ndi kubwera katatu pa chaka. Vuto lina ndi nyengo. Sukulu imatsegulidwa pa nthawi imene nkhokwe zatha, feteleza akufunika kumunda, ndipo chimanga, mtedza ndi soya zikadali zaziwisi. Bambo amaima pakati pa thumba la feteleza ndi kalata ya mwana, ndipo kawirikawiri feteleza ndiye amapambana. Mnyamata wanzeru amatsala pakhomo, kenaka timamuona ali pambuyo pa ng'ombe za eni, kudikira kuti patapita zaka adzalipidwe kang'ombe kamodzi. Malo ake ku sukulu amatengedwa ndi mwana wa m'tauni amene makolo ake ali ndi malipiro a pamwezi. Mwana wa m'tauniyo alibe mlandu, koma zikapitirira chomwechi sukulu imene inamangidwira osauka idzakhala ya opeza bwino okhaokha.

Nanga ife tichitepo chiyani? Choyamba, tidziwe thandizo limene lilipo kale. Kuyambira 2022 thumba la chitukuko la CDF lili ndi gawo lolipirira ana osowa amene asankhidwa ku masukulu a sekondale ogonera konko. Pempho limadzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi. Makolo ena sadziwa zimenezi, ena amaopa mafomu chifukwa sadziwa kulemba. Akatekisiti, aphunzitsi opuma ndi atsogoleri a miphakati angathe kukhala pansi ndi makolo otere ndi kuwathandiza kulemba nthawi isanathe.

Chachiwiri, tikonzekere pa nthawi yokolola osati pa tsiku lotsegulira sukulu. M'mera mpoyamba. Banja limene mwana wake ali m'kalasi ya mayeso lipatule thumba la mtedza kapena mbuzi imodzi mu Juni, ndipo lisazikhudze ngakhale ogula mbewu atabwera ndi mawu okoma. Mphakati nawonso ungathe kulima kamunda kamodzi ka ana a sukulu, monga timachitira pa zosowa zina za parishi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chachitatu, tikupempha inu amene munaphunzira ku Chassa ndipo lero muli ku Chipata, ku Lusaka kapena ku Copperbelt. Mudadya nsima ndi nyemba za pa sukulupo, ndipo ena mwa inu mudafika kumeneko chifukwa amalume anagulitsa ng'ombe. Kukonzetsa makalasi ndi nyumba zogona ndi ntchito yabwino, ndipo tikuthokoza onse amene amatero. Koma kumbukiraninso mudzi umene mudachokera. Funsani Abambo Mfumu a parishi ya kwanu ngati pali mwana amene wasankhidwa koma akulephera kunyamuka.

Zimene tanena za anyamata zikukhudzanso atsikana athu osankhidwa ku St. Monica's ndi masukulu ena, amene akatsala pakhomo amagwera m'maukwati a ubwana. Pa 6 Juni, tsiku lokumbukira Marcellin Champagnat Woyera, mphakati uliwonse uwerenge ana ake amene ali m'makalasi a mayeso, ulembe maina ao, ndipo ugwirizane za chimene udzachite akadzasankhidwa. Ambuye adalitse mabanja athu ndi aphunzitsi a ana athu.